Wayifayi Yoopa Mitambo

"Ni iwe, Jabez. Usakane. Wayambanso kudonsa mafilimu yako pa intaneti."

Msuweni wangayo ndinamupeza pakhonde akudya mango. Anandionetsa manja onse awiri ali noninoni, kenako n'kuloza ndi chibwano foni yake. Inali pa tchaja, yozima.

"Ba Kondwa, nidonsa na chani? Na mano?"

Ndimakhala m'kanyumba ka kuseri kwa amalume anga a Sanford, ku mapuloti atsopano a ku Chalimbana, kumene netiweki ya foni imabwera ngati mlendo. Rauta ya amalume, kabokosi kotulutsa wayifayi, ili kuchipinda kwawo, ndipo wayifayi yake imathera pakhitchini. Ndiye ndinagula ekisitenda, kachipangizo kolandira wayifayi n'kuiponya patsogolo, n'kukabaya pa soketi ya m'kolido. Nyengo yonse yadzuwa kanagwira ntchito osadandaula. Mvula itayamba kanayamba misala: kanyali kake kobiriwira, mwadzidzidzi kachikasu, kenako kofiira.

Masana a tsikulo ndinali ndi intavyu ya pa vidiyo ndi kampani ina ya mbewu ya ku Lusaka. Chimalizireni sukulu, aka kanali koyamba kuti munthu andiitane.

Zonse zimene ndinadziphunzitsa pa intaneti ndinali nditayesa. Kuzimitsa n'kuyatsanso. Kubaya kabowo ka kumbuyo ndi pini wa m'tsitsi. Kusintha soketi, kukasendeza pafupi, kulembanso pasiwedi mpaka kuiloweza ngati vesi. Amalume ankati mitambo imatseka netiweki, basi, nkhani yatha. Koma Mavis wa pa puloti yoyandikana amaonera maukwati a anthu osawadziwa pa intaneti mvula ili pakati. Mitambo yake ndi ina?

Chimene sindinachione ndi maso chinali rauta yeniyeniyo. Mwana wamkulu salowa kuchipinda kwa makolo. Jabez analowamo komaliza asanamere mano a kutsogolo, ndiye ine mphwa chabe ndingayerekeze?

Ndinabwerera m'kolido. Kanyali kanali katabiriwiranso kokha. Ndili chiimire pomwepo, kumwamba kunagunda cha ku Bundabunda. Akazi a amalume, ba anti Clotilda, anandidutsa ndi liwiro, zovala zonyowa zili paphewa, n'kulowa kuchipinda. Ndinamva chivundikiro chachitsulo chikuti phwa. Kanyali kanachita chikasu. Kenako kufiira.

Ndinagogoda.

"Ba anti, mwatseka chani?"

"Thiranki."

"Muli chani mu thiranki?"

"Mabulangeti. Na kaja kabokosi ka amalume ako."

Thiranki ndi bokosi lachitsulo lija anapatsidwa pa ukwati wawo. Rautayo ili ndi batire la nthawi yothima magetsi, choncho inali kuyakabe m'katimo, ikukuwa pansi pa mabulangeti, ekisitenda yanga n'kumangomva manong'onong'o.

"Kuyambira liti?"

"Kuyambira mvula. Nimayamba kuvinikira gilasi, elo nagoneka kabokosi. Kukacha nimakachosa. Amalume ako sanadandaulepo."

"Amakhala ku nchito, ba anti."

"Iwe mwana, nyanga zake ziwiri zija zoimilira, uganiza kaleza saziona? Ng'ombe ya alamu anga ku Palabana inamenyewa na kaleza. Nayo inali na nyanga ziwiri."

Kaleza amene ankanenayo ndi mphezi. Jabez anali atafika kumbuyo kwanga, akuseka mpaka kutsamira khoma.

"Nipepeseni, ba Kondwa. Nili pano, nilindila."

"Pepani yako izabwera na wayifayi."

Ndinameza mkwiyo, pakuti ndimaudziwa mlomo wanga. Ndinafotokoza bwinobwino kuti nyangazo ndi zapulasitiki, kuti zimapindika, kuti azigoneke chagada ngati akufuna, aichotsenso pa magetsi, bola ikhale kunja kwa chitsulo. Ndinati aibweretse pachitseko ndiinyamule ndekha ku kanyumba kanga, mphezi ikafuna idzandipeze ine.

"Kuti amayi ako akanifunse kuti n'nakupasa kaleza pamanja? Awe."

Kunagundanso, pafupi tsopano. Malata anayamba kulira timadontho. Ndinayang'ana nthawi pa foni. Anthu a ku Lusaka aja sadziwa za ng'ombe ya ku Palabana. Adzangoona kuti Kondwa sanabwere, n'kuitana wotsatira.

Jabez anasuzumira pa mpata wa chitseko, mapazi ali kunja monga mwa mwambo.

"Ankhalapo," anatero monong'ona. "Pa thiranki. Apinda na manja."

Ndinagwada pakhomopo, bulauzi yanga ya intavyu ili yosita kale, mawondo pa simenti yozizira. Anthu m'nyumba ino takhala tikunamizirana mwezi wathunthu, amalume kunamizira mitambo, ine kunamizira Jabez, wolakwa ali phee pa bokosi lake.

"Ba anti, nagwada. Kuloba siningalobe, muziba. Koma nchito iyi ikanipita, muzaniuza kuti chani? Muichosa olo simuichosa? Niyankheni, ba anti."