Vinyo wa Nangondo

A Kachingwe, telala wa pa Thondwe uja pakamwa pake sipatsekeka, analota masana dzuwa likuswa mtengo, mutu atautsamiritsa pa makina osokera.

Chitseko cha shopu yawo chinatsegukira mumtsinje. Madzi ake anali ofiira ndipo ankayenda chokwera phiri. M'madzimo munali mabenchi, ndipo pamabenchipo panakhala anthu onse amene a Kachingwe anawauzapo kuti vinyo wa chidede wa akazi awo, malemu Nangondo, alibe mnzake. Khamu lake, abale inu! Kwa zaka makumi awiri munthuyu sankamuyeza munthu m'chiuno osamuuza za vinyoyo. Ngakhale a mpingo wosamwa analipo, atakhala kumbuyo mwamanyazi.

Kutsogolo kunaima mwana wawo Tikhale, atanyamula botolo. Iyeyu ndiye anatsala ndi ntchito yofulula vinyoyo, osasintha ngakhale supuni imodzi ya shuga pa kapangidwe ka mayi ake, ndipo mawa lake ankayenera kukapereka mabotolo ake oyamba ku ukwati.

Botololo linatsokomola, n'kunena mwaulemu: "Mwini mowa ndiye amayamba kumwa, kuchotsa ufiti. Munatitama ndinu, bambo. Yambani."

A Kachingwe anamwa. Koto! Vinyoyo anali wowawasa, wakhambi, lilime linachita kukwinyika ngati nsalu yosasita. Mtima unawawawa kwambiri. Anangoti mwanayu waononga dzina la mayi ake pamaso pa anthu.

Apo n'kuti Nangondo akutsika ndi mtsinje, akuyenda pamwamba pa madzi, atavala diresi imene amuna awo sanamalize kusoka, mapini akadali m'mphepete.

"Mwaswera bwanji, bambo a Tikhale?"

"Ndaswera, kaya inu kumeneko?"

"Kuli bwino."

"Mwana wathu walakwitsa," anatero a Kachingwe monong'ona.

"Sanalakwitse. Botolo limenelo ndinafulula ndine ndi manja angawa. Kuyambira kale amakoma choncho. Afunseni anthu anuwa."

Anthu aja anawerama onse. Kenaka mkulu wina wa jekete yonyowa anadzuka, navula chipewa. "Pepani a telala. Ife tinkagula poopa kuti mungatifupikitsire mathalauza."

Palibe anaseka. Mtsinje unaima kaye kuti nawonso umve.

"Nanga ine ndinkamva chiyani zaka zonsezi?" anafunsa a Kachingwe.

"Inu munkamwa maso ali pa ine," anayankha Nangondo. Anazula pini imodzi pa diresi ija n'kuwapatsira m'manja. "Mumuuze mwanayu zoona asanapite ku ukwati. Akusunga zolakwa zanga ngati chuma chamasiye, pomwe manja ake ndi abwino kuposa anga. Koma dziwani kuti akangosintha, m'botolo simudzandipezanso."

"Ndiye ndidzikakupezani kuti?"

Nangondo anali akubwerera kale, madzi akumakwera nawo phiri limodzi ndi mabenchi ndi anthu omwe.

"Ababa! Ababa, mwagona pantchito?"

A Kachingwe anadzidzimuka. Tikhale anali chilili pakhomo pa shopu, thukuta lili kamukamu, m'manja muli kapu ndi botolo.

"Talawani wa ku ukwati uja. Ali ngati wa amayi?"

Analandira kapu ndi manja awiri. Anamwa, vinyoyo n'kumusunga m'kamwa nthawi yaitali osameza. Kuwawasa kwake kunali komwe kuja, khambi lake lomwe lija, ndipo misozi inalengeza m'maso.

"Ndendende, mwanangu," anatero. "Ndiye vuto lake limenelo. Khala pansi apa ndikuuze."

Tikhale anakhala pa mpando wa makasitomala, nkhope itagwa.

A Kachingwe anatambasula dzanja lokhala ndi kapu.

"Koma ndisanayambe, tandithirira wina."