Mapepala a Perpetua ku Champhira

A Bestone Kachigamba, mphunzitsi wa Chifalansa pa sekondale ina pa Boma la Mzimba, anali ndi matenda awoawo. Anzawo ankaweta nkhunda, iwo ankaweta mapepala. Mwana akalemba sewero la Chifalansa loti akapikisane nalo, iwo sankasamala za lotayipa lija, lokhala ndi chidindo cha boma chovomereza. Ankafuna loyambirira, lolemba pamanja, lofufutafufuta ngati padutsa nkhuku.

"Mutu wa mwana umaonekera pamene wafufuta," ankatero, chifuwa chili patsogolo.

Sutikesi yawo inali tho ndi masewero otere, koma munkasowa limodzi, ndipo linkawasowetsa mtendere. Linali sewero la Perpetua Jere, mtsikana amene anagonjetsa masukulu a ku Blantyre mu 1988. Iye anali atapita kuyunivesite ku Zomba, mapepala anawasiya kwa bambo ake ku Champhira.

Loweruka lina a Kachigamba anapisa khadi la chipani m'thumba, nakwera basi.

Anapeza bambo a Perpetua, a Chikomeni Jere, ali pansi pa chigafa, akusankha fodya. Atamva chimene mlendo wadzera, mkuluyo anasekerera, nalowa m'nyumba, n'kutuluka ndi sewero lotayipa lokulunga m'nsalu yatsopano.

"Ili, asambizgi! Ngakhale mbewa silidziwa," anatero, akuwatchula aphunzitsi m'Chitumbuka.

"Zikomo, bambo. Nanga aja olemba pamanja?"

"Akuda aja? Aja anaononga mwana? Mbwenu ndikupichirira fodya. Ngofewa chomene."

Mayo ine! A Kachigamba anayang'ana ndudu imene inali kukhutu kwa mkuluyo, naona inki yabuluu. Sewero lopambana dziko lonse, kuthera m'mphuno!

M'chitini chimene mkuluyo ankasungamo mapepalawo munali mutatsala tsamba limodzi, lomaliza. A Kachigamba analitenga.

"Bambo, mukuona mizere yodulayi? Seweroli ndi la mlimi amene chigafa chake chinapsa. Apa mwana wanu analemba kuti mlimiyo anathawira ku Joni. Anadula. Apa analemba kuti anakapempha ganyu kuesiteti. Anadulanso, mpaka cholembera kuboola pepala. Apa pomaliza anati mlimiyo anadzuka m'mawa, nanyamula nkhwangwa kukadula mitengo ina."

A Jere anasiya fodya. Anayang'ana nsanamira za chigafa chawo, zina zikadali ndi mwaye wa moto wakale.

"Ku Joni ndinafunadi kupita," anatero pang'onopang'ono. "Ndinauza amayi ake okha. Kani kamwanako kankamvetsera?"

Anachotsa ndudu kukhutu, naimasula bwinobwino, fodya n'kutayikira pansi. Kapepalako anakawongola pabondo. Kenaka anatambasula dzanja.

"Ndapota, asambizgi, bwezani tsambalo."

"Bambo, ine ndimasunga bwino. Ndili ndi sutikesi…"

"Tengani lachidindoli, nsalu yomwe. Ilo ndi la boma. Ili ndi langa."

A Kachigamba anayang'ana tsambalo. Zaka zonsezi anthu ankawaseka kuti amatolera zinyalala, lero apeza mnzawo wokonda pepala lakuda, ndipo mnzawoyo ndiye akuwamana! Mtima unawawa, inde, koma kunyada kunaposa. Anapereka tsambalo ndi manja awiri.

"Angelina!" a Jere anaitana akazi awo kumunda. "Bwera udzaone pamene mwana wako anandikaniza kupita ku Joni!"