Nkhope Pachivundikiro cha Bokosi

Bokosilo linakhala pashelefu miyezi iwiri, kalipentala akulizemba ndi maso. Analikhoma yekha ndi matabwa a paini, koma kukongoletsa inali ntchito ya mkazi wake. Umu ndi mmene ankapezera chakudya anthu awiriwa: mwamuna kukhoma, mkazi kulipatsa bokosi nkhope. Mayiyo anali ndi zidindo zake zosema pamphira, za masamba ndi timbalame, ndipo zikamuchepera ankadinda ndi chilichonse, kaya chitsekerero cha botolo, kaya kachidutswa ka katani yakutha koviika mu penti. Mbali zitatu za bokosili anadinda. Yachinayi matenda sanamulole.

Pachivundikiro panali pepala loyera lomatidwa chafufumimba, chithunzi chili kunsi. Njira yake kalipentala ankaidziwa poonerera. Umachita fotokope chithunzi, n'kupaka guluu pathabwa, n'kumata pepalalo, n'kulisiya liume. Kenako umanyowetsa chala n'kumafikisa pang'onopang'ono mpaka pepala lonse litachoka, inki yokha n'kutsalira pathabwa.

Bokosilo linali la mwana wawo wamkazi, amene ankasamukira kutali ndi ntchito kumapeto kwa sabata imeneyo. Mayi ake anamulonjeza. Chithunzi chenicheni chinalipo ndithu mu alubamu, koma guluu wa pachivundikiropo anapaka ndi malemu, tsiku lomaliza limene anatha kuimirira patebulo lake. Kulakwitsa pamenepo kunalibe kubwereza, ndipo kalipentala ankaopa. Munthu wogwira sowo osaphethira ankaopa kapepala.

Lachitatu m'mawa anatsitsa bokosilo. Anasesa utuchi patebulo, nathira madzi m'kapu imene mkazi wake ankatsukiramo maburashi, nayamba pakona. Pepala linafewa n'kumapotana ngati litsiro la pakhungu posamba. Choyamba kuoneka chinali chigongono. Kenako shawelo ya khanda, kenako phewa, ndolo, ndipo mwadzidzidzi maso. Anali mkazi wake ali mtsikana, atanyamula mwana wawo uja ali ndi masiku atatu, akuseka ndi munthu wojambulayo. Kalipentala anakhala pansi pabenchi.

Atadzuka anapeza pathabwa pauma, ndipo nkhope ija yachita mbuu, ngati ili kuseri kwa galasi lafumbi. Ananyowetsanso. Mkazi uja anabwerera, maso ali gwa pa iye. Pouma anazimiriranso.

Apa m'pamene kuonerera kunasiyana ndi kudziwa. Kwa kalipentala, chinthu chikakhala mbuu ndiye kuti sunapale mokwanira. Zaka zonsezi thabwa lakhala likumumvera akalimbikira, ndiye analimbikira. Kunyowetsa, kufikisa, kudikira. Kunyowetsa, kufikisa. Zala zake zinali zokakala, zoti sandipepa amachita kuzilonjera ngati mnzake, ndipo anaiwala zimenezo. Komanso tinene zoona, sanali kungogwira ntchito. Madzi akamubweretsa mkaziyo, mtima sunkafuna kuti apitenso.

Ulendo wachisanu anamva kanthu katapotana pansi pa chala, kakuda. Anachotsa dzanja. Pamene panali pakamwa panali thabwa loyera, kukula ngati njere ya chimanga.

Mwana wake anamupeza choncho masana, atabwera ndi tiyi mu fulasiki. Anayang'ana chivundikiro, nayang'ana zala za bambo ake zonyowa, naika fulasiki pansi mwakachetechete.

"Bambo, mwafikisa kangati?"

"Sindinawerenge. Amangozimirira."

"Mbuu ameneyo samachoka ndi chala. Amayi ankasiyira pomwepo n'kupaka vanishi. Vanishi ndi amene amaonetsa."

"Sanandiuzepo."

"Munali kufunsa inu?"

Mwanayo anadziwa kuti walasa pachilonda, ndipo anafewetsa mawu.

"Musadandaule. Tipale ndi sandipepa, ndikachite fotokope ina. Pofika mawa madzulo likhala latha, palibe angadziwe."

"Ukapala uchotsa guluu wa amayi ako."

"Nanga nditenge lotere?"

"Ndi lako, mwanawe. Ukafuna pala. Koma ine ndisaone."

Mtsikanayo anatsegula kabati ya mayi ake, natulutsa chitini cha vanishi ndi burashi yofewa, nazipereka kwa bambo ake.

"Pakani ndinu. Kamodzi kokha, osabwereza, dzanja lopepuka."

Kalipentala anaviika burashi naikoka kuchokera kumanzere. Mmene imadutsamo mbuu uja ankasungunuka. Shawelo inaoneka ulusi wake, ndolo inawala, maso aja anabwera ndipo ulendo uno anakhala. Sanamuonepo mkazi wake bwino chonchi chimwalirireni. Koma vanishi alibe tsankho, anaonetsanso bala lija, tsopano lachikasu ngati paini yense, pakati penipeni pa kuseka kwake.

Mwanayo anatenga chidindo cha masamba nayamba kudinda mbali yachinayi ija, misozi ikugwera pamkono. Mizere yake inali yokhota. Bambo ake ankangoyang'ana pachivundikiro.

"Zaka makumi atatu ndinkawauza amayi ako kuti amalongolola," anatero, mawu akuthothoka limodzilimodzi. "Ndinkati, inu, pakamwa panupa padzatsekeka liti? Ankangoseka."

Anapukuta burashi pansanza, naiika pamalo pake.

"Lero ndawatseka ndekha."