Batani Lotuwa

Azakhali, monga ankawatchulira onse mu ofesi, anali atalemba makalata pa desiki ya pafupi ndi zenera kwa zaka makumi awiri ndi zitatu. Chinsinsi chawo chinali chimodzi: maso anali akutha. Koma mayi aja anali ndi kanjira kawo. Ankakulitsa zilembo pakompyuta mpaka zifanane ndi nyemba, n'kupendeketsa sikirini kuti wodutsa asaone.

Lolemba lina anayatsa makina n'kupeza zilembo zabwerera mwakale, ting'onoting'ono ngati nyerere. Anapita pa batani lokulitsira zilembo. Linali litatuwa, ndipo ngakhale analidina kakhumi, silinayankhe. Mantha anawagwira.

Anapirira masabata awiri, akulemba mongoganizira. Kenako kalata ina inabwezedwa ili ndi zolakwika zisanu ndi ziwiri, zomwe sizinachitikepo chiyambire ntchito. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, choncho anatsikira kuchipinda chozizira cha Wamawaya, bambo woyang'anira makompyuta onse a kampaniyo.

"Achimwene, makina anga mwawalodza chiyani?"

"Si anu okha, Azakhali. Makompyuta onse tsopano akumvera kompyuta yaikulu iyi, yotchedwa seva. Zinthu tazigawa pawiri. Zina timangokuikirani poyambira, mukafuna mumasintha nokha. Zina n'zokhoma, ndiye zimatuwa zija."

"Nanga zilembo zaba chiyani kuti muzikhomere?"

Wamawaya anakanda m'mutu. "Zinangolowerera m'gulu la zachitetezo. Abwana anasaina mndandanda wonse osauwerenga n'komwe."

"Ndiye tsegulanitu."

"Ndikatsegula pandekha, seva imalemba dzina langa, mawa ndili panja. Mulembe kalata yofotokoza chifukwa chake, abwana asaine."

Chifukwa chake! Azakhali anakwera masitepe kubwerera pa desiki yawo. Zinawapweteka mumtima kuti amene anasaina osawerenga analibe mlandu, koma iwo ofuna kuwerenga ndiye afotokoze. Anayesanso masiku atatu, mphuno ili pasikirini, mutu ukuwaza. Tsiku lachinayi analemba mizere itatu, kuvomera zimene anabisira ngakhale ana awo.

Lachisanu m'mawa batani lija linatseguka. Anakulitsa zilembo n'kupumira m'mwamba.

Uthenga woyamba kulowa unali wa abwana. Ankawathokoza chifukwa chonena zoona, n'kuwauza kuti Lolemba akaonane ndi dokotala wa kampani, komanso kuti makalata onse awasiyire kaye mnzawo wa desiki yachiwiri.

Azakhali anawerenga mawu onse bwinobwino, osaphonya ndi amodzi omwe.