Makapu a Maluwa a mu Ofesi ya Malemu

Mtchona anabwerera patatha zaka makumi awiri ndi ziwiri. Anapeza msewu umene anakulira utasanduka msika wa mafoni, mtengo wa pakona atadula, ndipo shopu yosindikiza mabuku ya malemu bambo ake itatsala ndi antchito asanu ndi makina amodzi opumira m'mwamba. Dzina la Mtchonalo anamupatsa ndi antchitowo tsiku loyamba lomwelo, ndipo sankavutika n'kulinong'ona.

Makinawo ankamvera munthu mmodzi yekha: a Inki, bambo wamtali wosalankhulalankhula, amene zala zawo zinada kalekale mpaka sopo anagonja. Iwo ankamva ndi khutu kuti pepala latsala pang'ono kukodwa. Popanda a Inki panalibe shopu. Mtchona anaona zimenezi sabata yoyamba, ndipo anamanga mumtima kuti munthu ameneyu asachoke zivute zitani, koma akwezedwe akhale woyang'anira anzake.

Kunja kumene anali, ntchito yake inali yothandiza antchito a m'makampani kuti akule pa ntchito zawo. Ankaitcha ukochi. Azakhali ake, amene ankasoka mabuku patebulo la pawindo chitsegulireni shopuyo, anafunsa ngati ndiye kuti ayamba timu ya mpira, poti ngati ndi choncho iwo akhala pagolo, thupi lilipo. Mtchona anafotokoza moleza mtima. Kochi sauza munthu chochita. Amamuitanira pa awiri, n'kutseka chitseko kuti zokambidwazo zisatuluke, n'kumufunsa kumene akufuna kukafika. Akatero amakhala chete. Munthuyo amadzipezera yekha cholinga, n'kusankha kanthu kamodzi kakang'ono koti achite sabata imeneyo, kenako n'kudzakumananso. Anawauza kuti ayambira a Inki, mu ofesi ya bambo ake.

Azakhali anaimitsa singano. "Koma mu ofesimo, mwana wa achimwene..."

Mtchona anawadula. Anati chibwerereni wamva "koma" wokwana kudzaza lole, ndipo ndi "koma" yemweyo amene anapha mtengo wa pakona ndi theka la shopu. Azakhali anamuyang'ana pamwamba pa magalasi, n'kuluma ulusi, n'kupitiriza kusoka.

Lachiwiri m'mawa anatsitsa makapu a maluwa amene ankakhala pamwamba pa kabati, n'kuwatsuka fumbi, n'kuthira tiyi ndi manja ake. Anaitana a Inki, anatseka chitseko, ndipo anawafunsa mwaulemu wonse kuti zaka zitatu zikubwerazi akufuna adzakhale ali pati.

A Inki anayang'ana kapu. Anafunsa ngati pali chimene analakwitsa. Mtchona anati palibe ngakhale pang'ono. Mawu akuti "ndikufuna mukhale woyang'anira" anafika pakhosi, koma anawameza, chifukwa kutero kukanakhala kuwaikira yankho m'kamwa. Anakhala chete, nawonso anakhala chete. Tiyi anazizira osalawidwa. Mtchona anasangalala, pakuti mabuku onse amene anawerenga ankati m'kachetechete ngati ameneyu ndi mmene munthu amadzipeza.

"Ndamva, mayi," anatero a Inki potsiriza, n'kutuluka.

Lachiwiri lotsatira anawafunsa za luso limene ali nalo koma shopuyo silikuligwiritsa ntchito, ndiponso amene angawathandize kupita patsogolo. A Inki anati mlamu wawo amadziwana ndi anthu. Mtchona anati zimenezo ndiye zofunika, ndipo kanthu ka sabata imeneyo kakhale kukaonana ndi mlamuyo. Anawapatsa pepala kuti alembe okha. Lachiwiri lachitatu a Inki anabwera atavala jekete, n'kunena kuti zinthu zikusonyeza kuti ziyenda. Mtchona anawayamikira mpaka kuwagwira chanza.

Chimene chinkamudya n'chakuti shopu yonse inazizira. Akalowa, nkhani zinkaduka. Moni ankamuyankha akuyang'ana pansi. Iye ankakumbukira shopu ya ubwana wake, yodzaza phokoso ndi kuseka, bambo ake akukalipira munthu pamakina kwinaku ena akufa ndi phwete. Tsopano iye wabweretsa ulemu, tiyi ndi khutu lomvera, anthu akumuona ngati mfiti. Anadziuza kuti anthu a kwawo anazolowera chikoti, ukawapatsa mpando amafunafuna pamene pali msomali.

Lachisanu anapeza kalata patebulo, yopindidwa bwino, ili ndi chidindo cha chala chakuda pakona. A Inki ankathokoza chifukwa cha zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, ndiponso chifukwa chowapatsa nthawi yokwanira. Apeza ntchito ku kampani yaikulu yosindikiza ya kutsidya kwa njanji, ndipo achoka mwezi ukatha.

Anapita nayo patebulo la pawindo. Azakhali anaiwerenga mpaka pansi, osafulumira, n'kumuuza zimene aliyense m'shopumo ankadziwa kupatula mwini shopu. Malemu sankachotsa munthu ntchito ndi pakamwa. Amene ankamufuna ankamukalipira poyera, pamakina, anthu onse akumva, ndipo wokalipiridwayo ankapita kwawo mtima uli m'malo. Koma amene nthawi yake yatha ankamuitanira mu ofesi, n'kutseka chitseko, n'kumuthirira tiyi m'makapu a maluwa, n'kumufunsa za tsogolo lake. Munthuyo ankamva yekha, n'kukasaka ntchito kwina popanda kuchita manyazi. Palibe amene anamwapo tiyi kanayi.

"Iwe unkangodutsa ndi chikwama cha kusukulu n'kumati bambo ako ndi okoma mtima, amamwetsa antchito tiyi."

"Bwanji simunandiuze, azakhali?"

"Ndinali ndi 'koma' mmodzi yekha, unati lole yadzaza."

Mtchona analunjika kumakina. Sanafunse funso lililonse. Anakuwa kupitirira phokoso, antchito onse akumva, kuti iye sanafunepo kuchotsa munthu, za makapuzo sankazidziwa, ndipo chimene ankafuna n'chakuti a Inki akhale woyang'anira shopu yonse. Anati kalatayo aing'amba pomwepo.

A Inki anazimitsa makina, n'kupukuta zala pansanza, chimodzichimodzi. Anati sabata yoyamba sanadye, ndipo akazi awo anafuna kubwera kudzagwada pakhomo la ofesi. Sabata yachiwiri anali ndi mkwiyo. Koma mlamu wawo atawatengera kutsidya kwa njanji, anaona makina otulutsa mitundu inayi nthawi imodzi, oyera ngati a kuchipatala, ndipo anawalola kuwagwira. Pobwerera anayenda wapansi njira yonse osamva kutopa.

"Zaka zonsezi palibe anandifunsapo chimene ndikufuna, mayi. Inu munafunsa katatu. Ndikufuna ndiphunzire makina amenewo maso asanafe."

Mtchona anatchulanso za uyang'aniro, ndipo mawu ake anamveka ngati a munthu wotsatsa tomato wofota. A Inki anapukusa mutu. Anati iwo kuyang'anira anthu sakufuna, anthu alibe batani lozimitsira.

Iye anaima pomwepo kalata ili m'manja. Anali ataphunzitsa mabwana ambirimbiri, m'zipinda za makapeti, kuti cholinga ndi cha mwini wake, ndipo kochi amene amakokera munthu kumene akufuna iyeyo ndi wakuba. Ankazinena bwino zedi, anthu n'kumalemba. Panthawiyo ankakamba za antchito a eni ake. Akanatha kuchonderera a Inki m'dzina la malemu, ndipo ankadziwa kuti iwo, mmene analili, akanakhala. Anayang'ana kwa azakhali kuti mwina anena kanthu, koma iwo anali kalikiliki kulowetsa ulusi m'singano.

Anapinda kalata ija n'kuiika m'thumba. Anafunsa ngati pali wina m'shopumo amene angayendetse makinawo. A Inki anati palibe, chifukwa palibe amene anapemphapo kuphunzira, ndipo iwonso sanaumirize munthu. Antchito ena aja anayamba kutanganidwa mwadzidzidzi, wina ndi tsache, wina ndi makatoni.

Mtchona anavula jekete lake labwino n'kulikoleka pamsomali. A Inki anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato, n'kumupatsa nsanza.

"Masiku atsala khumi ndi asanu ndi anayi. Imani uku. Apo musagwirepo, pamadya zala."

A Inki anayatsa makina. Pepala loyamba linalowa mokhota, n'kukwinyika, n'kukodwa pakati pa zitsulo. A Inki anazimitsanso, n'kumuuza kuti alichotse yekha.