Mfundo ya Pakati pa Chingwe cha a Bonface

Pa chishango chamatabwa chimene chinkapachikidwa mu ofesi ya sukulu ya mishoni, kufupi ndi Milonde, panali mayina a ahedi, a makaputeni ndi a anyamata omwetsa zigoli. Dzina la a Bonface panalibe, ndipo eni ake sankadandaula. Iwo sanali mphunzitsi wa m'kalasi. Anali kalipentala wa pasukulupo, munthu wamfupi wa mapewa otambalala, amene anagwirapo ukapitao m'munda wa tiyi asanapite kunkhondo. Akaweruka masana ankaphunzitsa mpira, koma osati timu yonse ayi. Awo anali anyamata asanu otchinga kumbuyo, aja anthu amangowakumbukira chigoli chikalowa kwawo.

Njira yawo anaitenga m'tiyi momwemo. Othyola tiyi amayenda mzere umodzi, ndipo wina akathamangira kutsogolo amasiya masamba m'mbuyo. Tsono a Bonface anapota chingwe chachitali cha khonje, nkumangapo mfundo zisanu. Mnyamata aliyense ankadzimanga m'chiuno pa mfundo yake, iwo nkugwira nsonga yotsalayo ali kunja kwa bwalo. Wina akatengeka ndi mpira nkusiya anzake, chingwe chinkamubweza, nthawi zina mpaka kugwa chagada. Anthu opita kumsika ankaima nkumafa nazo nseko, amvekere mishoni yayamba kuweta mbuzi zandevu, pakuti ana asukulu a masiku amenewo ambiri anali amuna ometa kale. Koma pa tsiku la masewera chingwe chinkatsala mushedi yaukalipentala, asanu aja nkumayendabe ngati omangidwa. Kuyambira 1947 mpaka 1952, chishango cha masukulu ndi maesiteti chinagona pamishonipo kasanu. Chaka china anangowamwetsa zigoli zitatu chilimwe chonse. Oseka aja ndiwo anayamba kulawirira pabwalo kuti apeze poima pabwino.

Vuto la a Bonface linali pakamwa. Mawu oyamikira ankawaumira ngati ufa wa chaka cha njala. Mnyamata akatchinga bwino ankangomuyang'ana, nkutsokomola kamodzi, basi. Amene watsokomoleredwayo ankapita kukagona atakhuta. Ankanena kuti wotchinga safunika kumuombera m'manja, chifukwa ntchito yake ndi yakuti pasachitike kanthu.

Pa mfundo ya pakati panali mwana wawo yemwe, Morton, mnyamata wamtali, wa mwendo wamanzere woti ukamenya mpira ngakhale ogulitsa nthochi kumsika ankatembenuka. Morton ankafunitsitsa kusewera kutsogolo. Anapempha yekha, anapemphetsa kudzera kwa amayi ake a Alefa, ahedi nawonso anayesa kuikapo mawu. A Bonface anakana. Chifukwa chenicheni chinali chakuti mwa anyamata onse amene anadutsa m'manja mwawo panalibe womuposa Morton, ndipo pakati sipaikidwa munthu wamba. Akanangonena zimenezo kamodzi kokha, mwanayo akanakhala pamenepo mpaka imvi. Koma iwo ankangoti malo ake ndi omwewo, nkupitiriza kupala thabwa.

Mu Ogasiti 1953 anakumana m'masewera otsiriza ndi timu ya esiteti ina, amuna okhwima odziwa kuponda. Kunali chiperoni, phiri lonse litabisala, bwalo lili tererere. Nthawi itatsala pang'ono kutha, zigoli zinali chimodzi uku chimodzi uku. Mpira unagwera pa phazi la Morton pakati pa anzake, ndipo m'malo moupereka monga ankachitira masiku onse, anauyamba ulendo. Anadutsa woyamba, anadutsa wachiwiri, wachitatu anatsala atakhala pansi m'matope. Ataumenya mpirawo kugolo, goloboyi sanauone nkomwe. Nthungululu zinamveka mpaka kumsewu, ndipo a Alefa, mayi waulemu wa kumvano, anavina mpango utagwa.

Mtima wa a Bonface unadumpha ndi chimwemwe, ichi tisawanamizire. Koma maso awo anali atazolowera kuyang'ana kumbuyo, ndipo kumbuyoko anaona dzenje. Pilato, wa mfundo yoyandikana ndi ya Morton, anatsala yekha pakati pa adani atatu. Mpira uja ukanalandidwa, chishango chikanapita. Anthu atamutsitsa Morton pamapewa, iye anayendayenda kufunafuna nkhope ya bambo ake. Anawapeza akupinda jekete, ndipo ngakhale kutsokomola kuja sanatsokomole.

Lolemba lake, anyamata atasonkhana kuti adzimange, a Bonface anatulutsa mpeni, nkudula mfundo ya pakati uku ndi uku, nkulumikiza chingwe cha anthu anayi.

"Bambo, komatu tinapambana," anatero Morton, mawu ali pansi.

"Unapambana ndiwe. Anzako unawasiya. Ukufuna kuombedwa m'manja, pita kutsogolo. Pachingwe changa palibenso malo ako."

M'maganizo mwawo chinali chilango cha sabata imodzi. Mfundo ija sanaitaye. Anaiika m'bokosi la zipangizo, pansi pa matchizulo, kuti Lolemba linalo aibwezeretse. Koma Lachisanu Morton anakwera lole ya ku Limbe, nkukakwera sitima yopita kumigodi ya ku Halale, osatsanzika bambo ake. Chaka chotsatira Pilato naye anamulondola kumigodi.

A Bonface anapitiriza kuphunzitsa. Chingwe chinakhalabe cha mfundo zinayi, ndipo wachisanu ankaphunzira ali womasuka, zimene zinkasokoneza mzere wonse, koma palibe analimba mtima kufunsa. Mu 1955 anatenganso chishango, iwo nkubwerera kunyumba ngati achokera kumaliro. Anyamata awo akale, amene tsopano anali aphunzitsi ku Chinakanaka ndi kwina, anali atayamba kumanga ana asukulu ndi zingwe zawozawo. Anthu ankawauza a Bonface zimenezi kuti asangalale, iwo nkungogwedeza mutu.

Makalata a Morton ankabwera kwa amayi ake. Ankasimba za kuzizira, za ndiwo zoipa za mukomboni, nkutsiriza ndi mzere umodzi wakuti moni kwa bambo. Za mpira sankatchulamo. A Alefa ankawerenga mokweza dala, akafika pa mzere umenewo nkuyang'ana amuna awo.

"Bambo a Morton," anatero tsiku lina, "mwana si thabwa lakuti mukalidula molakwa mutenga lina. Mulembereni."

Anayesa. Ndi pensulo yawo yaukalipentala analemba kuti Wokondeka mwana wanga, nkuima pomwepo. Mawu amene ankafunika ankaoneka opepuka papepala, ndipo anadziuza kuti zoterezi zimanenedwa pamaso. Mwanayo adzabwera, adzamutengera kubwalo, adzatulutsa mfundo ija, nkumuuza zonse. Chilimwe chilichonse, matchona akamatsika basi ndi masutikesi awo, a Bonface ankapeza chifukwa chokagulira misomali ku Milonde. Ankabwerako ndi misomali yomwe sankaifuna.

Mu Seputembala 1958 kunabwera kalata yodzera ku boma. Mwala unagwa mumgodi, ndipo Morton anali mmodzi mwa anthu anayi amene sanatuluke amoyo. Anali ataikidwa kale konko. Anthu anasonkhana kulira maliro opanda mtembo, ndipo a Bonface, amene anakhomera mabokosi theka la mudzi, analibe choti akhome.

Patapita mwezi, m'mawa wina, Pilato anafika pashedi atanyamula sutikesi ya malemuyo. Anali atanenepa, akutsimphina pang'ono. Anavula chipewa, nkukhala pa chitsa, ndipo atapepesa anatsegula sutikesi. Munali malaya awiri, Baibulo, nsalu ya a Alefa, ndipo pansi pa zonse panali chingwe chopindidwa bwino, chakuda ndi thukuta, cha mfundo zisanu.

Pilato anafotokoza kuti Morton atangofika, timu ya pamgodi inamuika kutsogolo, ndipo masewera oyamba omwe anamwetsa ziwiri. Komboni yonse inamuimba nyimbo. Koma sabata yotsatira anapempha yekha kuti abwerere kumbuyo, nkuyamba kupota chingwe. Anamanga Mashona awiri, mnyamata wa ku Tete, Pilato ndi iye mwini pakati. Anthu anaseka monga ankasekera a ku Milonde, mpaka timuyo inatenga chikho cha migodi kawiri. Nsonga yotsala ija, anatero Pilato, ankaimangirira pa mtengo. Ngakhale nthawi imene Pilatoyo anavulala bondo nkupempha kuti aziigwira, Morton anakana, nati kumeneko nkwa bambo.

A Bonface anafunsa chifukwa chimene mwanayo sanalembere zonsezi. Pilato anati Morton ankadikira chaka chimene adzamwetsedwe zigoli zosakwana zitatu, kuti akadzabwera nacho chingwe bambo ake asadzapezepo chonena. Chaka chimenechi anali atamwetsedwa ziwiri zokha, kutatsala masewera awiri.

Mkuluyo anadzuka, nkutsegula bokosi la zipangizo. Anachotsa matchizulo imodziimodzi, nkutulutsa mfundo ija, youma, itachita mbuu ndi utuchi. Anaiika pambali pa mfundo ya pakati ya chingwe cha mwana wawo. Kamangidwe kake kanali kamodzimodzi. Misozi inawatsika, ndipo sanaibise.

"Pilato, mwana wanga," anatero, "ndaphunzitsa anyamata oposa makumi asanu. Panalibe womuposa. Nchifukwa chake ndinamuika pakati."

"Tonse tinkadziwa zimenezo, bambo," anayankha Pilato. "Iye yekha ndiye sankadziwa."