Zala Zitatu za pa Tikiti ya Fanuelo

Chaka chimene Chilwa anayamba kuphwa, khonsolo inalemba amuna khumi oti azidula njedza, udzu wautali wa m'madzi, ndi kukumba ngalande kuti mabwato a ku Chisi azifika padooko. Fanuelo, mwamuna wa Elenala, anali mmodzi wa iwo. Munthu aliyense anali ndi tikiti yake, ndipo kapitawo, a Sumaili, ankachonga tikitiyo, osati nkhope. Ukadwala kapena kukagwa maliro, unkangotuma m'bale wako akagwire m'dzina lako. Aliyense ankadziwa zimenezi kupatula mabwana a ku boma.

Lolemba lina Fanuelo anapita kumaliro kwa Kuntumanji, tikiti n'kusiyira mlamu wake Meshack, mchimwene wa Elenala. Dzuwa lisanafike pamutu, chikwanje cha mnzake chinaterereka m'matope. Anzake a pantchito anabwera naye Meshack atamunyamula pa njinga, zala zitatu za dzanja lamanja zitatsala m'njedza.

Tsono a Sumaili, mantha a ntchito yawo atawagwira, analemba lipoti tsiku lomwelo. Analemba dzina la ndani? La pa tikiti, nanga akanalemba liti?

Lachitatu masana anafika pakhomo pa Elenala ndi kalata. Anakana mpando.

"Chipukuta misozi chilipo, mayi, chambiri ndithu," anatero. "Koma Lachisanu Fanuelo akaonekere ku boma. Adokotala akufuna kuona dzanja."

"Dzanja lake liti?" Elenala anafunsa.

A Sumaili anayang'ana kumbali. "Akakapeza zala zisanu, ntchito yatha, yake ndi yanga. Akati timafuna kuba ndalama za boma, ndiye za apolisi zimenezo. A Meshack osalandira ngakhale tambala." Anakwera njinga, kenako n'kuponya mawu ngati akunena za mvula: "Bala la masiku awiri ndi la masiku anayi n'chimodzimodzi, likakulungidwa nsanza."

Elenala anatembenuka, n'kupeza Fanuelo ali chilili pakhomo. Anali atamva zonse.

Musaiwale kuti Fanuelo anali mkamwini. Nyumba anamanga yekha, inde, koma dothi linali la kuchikazi, dimba la mpunga la kuchikazi, ndipo mwini mbumba anali Meshack yemweyo. Meshack sanakalipe, akanakalipa bwenzi zili bwino. Ankangobwera kudzakhala pakhonde, dzanja lokulunga lili pa bondo, ntchentche zikuzungulira.

"Alamu, ana anga asanu adya chiyani?" anafunsa madzulo a tsikulo. "Ukonde sindingakokenso. Ntchito inali yanu, dzina lanu, zala zanga. Kodi mudzi uno munabwera kudzatidya?"

Fanuelo ankangopinda zala zake n'kuzitambasula, kupinda, kutambasula.

Elenala anamutsatira kuseri kwa nkhokwe. "Abambo, ndakuonani. Zimene mukuganizazo musayerekeze. Ntchito ithe, tidzadya therere. Achimwene ndilankhula nawo ine."

"Ukawauza chiyani? Kuti zala zimera?"

"Tithawe, tipite kwanu."

"Apolisi kwathu sakudziwako?" Anaseka pang'ono, kuseka kopanda mano. "Usadandaule, mayi. Palibe chimene ndichite."

Ha! Mwamuna akati palibe chimene ndichite, mkazi wanzeru amayamba kubisa zitsulo. Lachinayi m'mawa Elenala anatola chikwanje, nkhwangwa, makasu awiri, zenga lomwetera mpunga, ngakhale mpeni wosendera chinangwa. Anazikulunga m'chiguduli n'kukazikwirira m'dzala la phulusa kwa mnansi. Tsiku lonse sanamuchotse diso. Kumadzi sanapite, anaphikira madzi a dzulo. Ankamukonda mwamunayo, ndipo ankaopa.

Dzuwa litapendeka, mkazi wa Meshack anabwera akuthamanga: dzanja latupa mpaka m'chigongono, munthu akubwebweta. Elenala anayang'ana mwamuna wake. Anali atagona pa mkeka, chipewa kumaso, akupuma ngati mwana. Elenala anathamangira kwa mchimwene wake.

Sanachedweko, Mulungu ndi mboni. Anangothandiza kumukweza pa njinga ya kuchipatala n'kubwerera. Pa mkeka anapeza chipewa chokha.

Anafukula dzala lija ndi manja. Chikwanje chilipo, nkhwangwa ilipo, makasu, zenga, mpeni, zonse. Mtima unatsika pang'ono. Kenako maso ake anagwera pa njira ya kunyanja, ndipo anakumbukira bwato lawo limene linagona pa matope ouma chiphwereni madzi. Fanuelo ankalikonza mwezi watha. Kasemasema wake wosemera matabwa ankamusiya momwemo, pansi pa thabwa.

Elenala anathamanga, chitenje chili m'manja, akuitana dzina limene sanalitchulepo pagulu chikwatiwireni. Matope osweka ankamucheka mapazi. Patali anaona bwato, ndi munthu atagwada pambali pake, dzanja lamanja ataliyala pa mlomo wa bwatolo.

"Fanuelo!"

Anadzutsa mutu, anamuona. Kenako anapinda chala chachikulu ndi chaching'ono mosamala, kuti zitsale monga zinatsalira za Meshack.